Mphuno Nayo Ionere Kanema?

Makolo athu anali atcheru posiyanitsa mawu. Nyama ikakhala pamoto timati ikununkhira, koma nyama yomweyo ikagona masiku atatu osafutsidwa timati ikununkha. Mawu awiriwa amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, komabe mlendo wophunzira Chichewa atawasokoneza poyamikira ndiwo za apongozi ake, angaone zakuda. Chinanso n'chakuti ife sitinena kuti taona fungo. Timati tamva fungo, monga momwe timamvera mawu, ululu, njala ndi chisoni. Chimene taona chimatsala kunja kwa thupi, pomwe chimene tamva chimakhala chatilowa. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumandibwerera m'maganizo ndikamawerenga mbiri ya anthu amene akhala akuyesa, kwa zaka zambiri tsopano, kuthira fungo m'nyumba zoonetsera kanema.

Kanema anabadwa wosalankhula. Oonerera ankaona milomo ya ochita sewero ikugwedezeka koma osamva kanthu, kufikira m'chaka cha 1927 pamene kanema wotchedwa The Jazz Singer anatulutsa mawu ndi nyimbo. Pambuyo pake zithunzi zinasiya kukhala zakuda ndi zoyera zokhazokha. M'zaka za m'ma 1950 wailesi ya kanema inalowa m'makomo ambiri a ku America, ndipo anthu anayamba kuchita ulesi kuvala, kukwera basi ndi kukalipira pakhomo, poti zoonera zinali zitawapeza kale pabalaza. Eni nyumba za kanema ataona mipando ikugona yokha, anayamba kufunafuna chinthu chimene kabokosi ka pabalaza kaja sikakanatha kupereka. M'chaka cha 1952 anabweretsa Cinerama, chinsalu chachikulu chokhota chimene chinkadzaza maso onse. Chaka chotsatira kunabwera CinemaScope, ndiponso kunabuka makanema oonera ndi magalasi apadera, amene ankachititsa zinthu kuoneka ngati zikutuluka pachinsalu. Maso anali atakhuta, makutu anali atakhuta. Inatsala mphuno.

Amene anayamba kufika pamsika anali Walter Reade Jr. M'mwezi wa December 1959, m'nyumba ya kanema ya DeMille ku New York, iye anaonetsa Behind the Great Wall, kanema wofotokoza za moyo wa ku China amene anajambulidwa ndi anthu a ku Italy. Ojambulawo sanaganizepo za mphuno. Fungo linachita kuwonjezeredwa pambuyo, ndipo linkadutsa m'makina oziziritsira mpweya n'kudzaza nyumba yonse nthawi imodzi. Njirayi anaitcha AromaRama. Kulowetsa fungo kunali kosavuta. Ntchito inagona pa kulitulutsa. Lisanathe loyamba, lachiwiri linali litafika kale, ndipo pofika pakati pa kanema oonerera ankapuma msakanizo umene sunali wa China kapena wa dziko lina lililonse.

Patangopita masabata ochepa, mu January 1960, ku Chicago kunatulukira kanema wina, Scent of Mystery. Mwini wake anali Mike Todd Jr., mwana wa mkulu uja amene anakonza Around the World in 80 Days. Makina ake anali a Hans Laube wa ku Switzerland, amene anali atawaonetsapo kale pa chionetsero chachikulu cha New York World's Fair zaka makumi awiri m'mbuyomo. Makina a Laube ankachita zinthu mwanzeru kuposa a mnzake uja. Timabotolo ta zonunkhira tinkamangidwa pa lamba motsatana, monga mwa ndondomeko ya nkhani. Pa filimu pankakhala zizindikiro zouza makina nthawi yoyenera. Nthawiyo ikakwana, singano inkaboola kabotolo, mphepo n'kunyamula fungolo kudzera m'timapaipi topita pa mpando uliwonse. Mafungo onse analipo 30: maluwa, buledi wongophulidwa kumene, vinyo wotayika migolo itasweka, fodya wa m'kaliwo ndi ena otero. Dzina la njirayi linali Smell-O-Vision.

Ndiyenera kumupatsa ulemu wake Todd. Iye sanangowaza mafuta onunkhira pa nkhani yopangidwa kale, koma anafuna kuti fungo likhale mbali ya nkhaniyo. Mngelezi wina ali paulendo ku Spain atulukira chiwembu chofuna kupha mayi wina wachuma, ndipo ayesetsa kumupulumutsa mothandizidwa ndi woyendetsa takisi, amene ankaseweredwa ndi Peter Lorre. Mayiyo ankadziwika ndi mafuta amene ankadzola, pomwe chigawenga chinkadziwika ndi fungo la fodya wake. Choncho woonerera watcheru akanatha kumugwira wachiwembuyo ndi mphuno maso asanamuone. Ganizo limeneli n'lokoma ndithu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timapaipi tinkalira potulutsa mpweya. Okhala mipando ya m'mwamba fungo linkawapeza mochedwa, chithunzi chake chitadutsa kale. Kwina linkafika lochepa kwambiri moti anthu ankachita kukoka mphuno mwamphamvu, ndipo phokoso la mphuno mazanamazana linkasokoneza mawu a ochita sewero. Zina mwa zolakwikazi zinakonzedwa, koma mbiri yoipa inali itayenda kale.

Ambiri akamasimba nkhaniyi amaimira pomwepa, n'kunena kuti makina a masiku amenewo ndiwo anali achikale. Ine sindikhulupirira kuti mlandu wonse unali wa makina. Mbali yaikulu ya vutoli ili m'mphuno momwemo, ndipo mphuno ya lero siisiyana ndi ya 1960.

Taganizirani momwe kanema amayendera. Pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24. Wokonza kanema angathe kutionetsa mayi akukazinga anyezi m'khitchini, m'kuphethira kwa diso n'kutiponya pakati pa nyanja, kenaka m'chipatala, kenaka n'kutibweza kukhitchini kuja. Diso limavomera kudumpha kotereku chifukwa kuwala kukazima kwazima. Mawu nawo akatha atha. Fungo silitero. Ndi timadontho ting'onoting'ono ta chinthu chenichenicho timene tauluka mumpweya, ndipo tikalowa m'chipinda timafuna nthawi kuti tituluke. Aliyense amene anakhalapo m'khitchini ya nkhuni zaziwisi akudziwa kuti utsi umamutsata mpaka kutchalitchi tsiku lotsatira. Nanga munthu angayende bwanji ndi nkhani yothamanga chotero, mphuno ikadali pa anyezi pomwe maso afika kale kunyanja?

Pamwamba pa izo, mphuno imazolowera msanga. Mukangofika pamsika pamene amagulitsa usipa ndi matemba, fungo limakhala lili guu. Mukaimapo kanthawi mukunenerera mtengo, silimvekanso, ndipo amayi amene amakhala pamenepo tsiku lonse angadabwe mutawauza kuti pali fungo. Tsono wothira fungo m'kanema ali pakati pa moto uwiri. Akathira lochepa, anthu salimva. Akathira lambiri, limakana kuchoka, ndipo pamene likukana kuchokapo mphuno zimakhala zatopa, moti lotsatira limapeza khomo lotseka.

Chifukwa china chinadziwika bwino patapita zaka zambiri. Diso la munthu lili ndi mitundu itatu yokha ya timaselo tozindikira maonekedwe a zinthu. N'chifukwa chake chinsalu cha kanema kapena galasi la foni limangosakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, n'kutulutsa mtundu wina uliwonse umene diso lingaufune. M'chaka cha 1991, Linda Buck ndi Richard Axel anatulukira momwe mphuno imazindikirira fungo, ndipo ntchitoyi inawapatsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 2004. Zinapezeka kuti munthu ali ndi mitundu ya tizolandirira fungo pafupifupi 400. Palibe mabotolo atatu amene mungasakanize kuti mupeze fungo lililonse la padziko. Mukafuna khofi, musunge botolo la khofi. Mukafuna udzu wongotchetchedwa, musunge botolo lakenso. Ndipo botolo limatha. Chithunzi ndi mawu zimayenda pa waya ndi mumlengalenga kuchokera ku Los Angeles kufika kulikonse, koma fungo liyenera kunyamulidwa pagalimoto ngati matumba a feteleza.

Munthu amene anapeza njira yozembera mavuto onsewa anali wanthabwala. M'chaka cha 1981 John Waters anatulutsa kanema wotchedwa Polyester, ndipo aliyense wolowa ankapatsidwa khadi lokhala ndi timadontho khumi ta manambala. Nambala ikaoneka pachinsalu, woonerera ankakanda kadontho kake ndi chikhadabo n'kununkhiza. Panalibe mapaipi, panalibe phokoso, ndipo fungo silinkadzaza nyumba. Koma Waters ankadziwa kuti walira mvula walira matope. Kadontho koyamba kanali ka duwa, koma ena anali a petulo, guluu, nsapato zakutha, kanyama konga kanyimbi, ngakhalenso mpweya woipa wa m'mimba. Nthawi zina ankaonetsa chinthu chonunkhira, anthu n'kukanda mwachimwemwe, kenaka n'kusintha chithunzicho mphuno zili kale pakhadi. Anthu ankaseka, ndipo ankadziseka okha, poti anali atalipira ndalama kuti anunkhize zonyansa. Makhadi otere anadzagwiritsidwanso ntchito pa makanema a ana, monga Rugrats Go Wild m'chaka cha 2003 ndi Spy Kids wachinayi m'chaka cha 2011. Chimene chimandisangalatsa pa khadi n'chakuti limasiya ufulu m'manja mwa woonerera: wosafuna sakanda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pano mwini mphuno ndiye ankasankha woti afikepo.

Ufulu umenewu si nkhani yaing'ono. Chithunzi chikaopsa timatsinzina. Phokoso likakula timatseka makutu. Koma munthu sangaleke kupuma kwa maola awiri. M'nyumba ya kanema mumakhala amphumu, amayi oyembekezera amene kafungo kochepa kamawadzutsira nseru, ndi ena amene mutu umawawawa akangomva mafuta onunkhira. Wothira fungo mumpweya amalowa m'mapapo mwa onsewa osaodira.

Makina sanathe ayi. M'chaka cha 2009 kampani ya ku South Korea inayambitsa njira yotchedwa 4DX, momwe mipando imagwedezeka, mphepo imaomba, madzi amawaza kumaso, ndipo fungo limatuluka apo ndi apo. Njirayi inafalikira m'maiko ambiri, ndipo inafika ku Cape Town m'chaka cha 2015. Kumalo achisangalalo a Disney ku California, m'chaka cha 2001 anatsegula chionetsero chimene anthu ankakhala ngati akuuluka pamwamba pa minda ya malalanje ndi nkhalango za paini, uku akumva kununkhira kwake. Zoterezi sindikuzinyoza. Pamene chionetsero chili chachifupi, mafungo ali ochepa, ndipo cholinga n'kungosangalatsa thupi monga amachitira katungwe, fungo limagwira ntchito yake bwino. Kumene ndimakayika ndi pa kanema wosimba nkhani ya anthu, amene amafuna kuti tilire kapena tiganize.

Kukayika kwangaku kumachokera pa chinthu chimene ndinachiona ndekha. Ambiri a msinkhu wanga makanema tinawadziwira m'tizipinda ta vidiyo ta m'makwalala, momwe munkakhala mabenchi, chinsalu chakuda pakhomo ndi jenereta ikulira kuseri. Tizipindato tinali ndi fungo lake: thukuta la anyamata ochokera ku mpira, fumbi la pansi, makoko a nzimbe, chimanga chootcha ndi utsi wa petulo. Palibe amene analikonza, ndipo silinkagwirizana m'pang'ono pomwe ndi akatswiri a karate amene ankamenyana m'misewu ya ku Hong Kong. Komabe lero ndikaona kanema mmodzi wa masiku amenewo, ngakhale pafoni, fungo lija limabwera lokha. Akatswiri amati uthenga wochokera m'mphuno umadzera njira yachidule kukafika m'zigawo za ubongo zosunga chikumbumtima ndi zokhudza mtima. Zikuoneka kuti njirayo imayendeka uku ndi uku: fungo limadzutsa chithunzi, chithunzi nachonso chimadzutsa fungo. Aliyense amalowa m'nyumba ya kanema atanyamula mabotolo ake m'mutu, ndipo ngochuluka kuposa 30 a Laube aja.

Umboni wamphamvu ndinaupeza poonera The Boy Who Harnessed the Wind, kanema wa m'chaka cha 2019 amene Chiwetel Ejiofor anajambula kuno ku Malawi, wosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Nkhani ikafika pa njala ya 2001 ndi 2002, timaona minda youma, nkhokwe zopanda kanthu ndi khamu la anthu likukankhana pamalo ogulitsira chimanga. Pachinsalu panalibe paipi ina iliyonse, koma ine ndinamva fungo la madeya. Ndinamva kafungo kowawasa ka nsima ya gaga wokhalitsa, ndi fungo la matumba opanda kanthu amene anthu ankagonera pamzere. Amene anaiona njala imeneyo adziwa chimene ndikunena, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense wa iwo anamva lake, losiyana ndi langa.

Wina anganditsutse kuti: nanga woonera wa ku London, amene sanaonepo madeya, si ndiye akusowa thandizo la makina? Atamva fungolo, kodi sangamvetse bwino mavuto athu? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndinalisinkhasinkha. Koma tiyeni tifunse kuti botololo angalisakanize ndani. Mafungo a m'kanema wa China uja sanachokere ku China. Anakonzedwa ndi akatswiri a zonunkhira, monga mwa maganizo awo a momwe China ayenera kumvekera. Botolo lolembedwa kuti mudzi wa ku Africa lingadzakhale chimodzimodzi: kautsi pang'ono, kafumbi pang'ono, kandowe pang'ono, zonse zoyezedwa bwino kuti wogula tikiti asanyansidwe n'kutuluka. Komanso fungo la gaga limene ndikulikumbukira silinali m'gaga mokha. Linali losakanikirana ndi mimba yopanda kanthu ndiponso nkhope za akuluakulu amene ankanamizira kuti akhuta kuti ana adye. Munthu wokhala pampando wawofuwofu, mbuliwuli zili m'manja, angalandire timadontho tomwetomweto m'mphuno mwake, koma chimene angamve n'china. Choopsa n'chakuti angatuluke akuganiza kuti njala waidziwa.

Kanema amene anaimvetsa bwino nkhani ya fungo, mwa onse amene ndinaonerapo, alibe fungo ngakhale limodzi. Ndi Parasite, wa Bong Joon-ho wa ku South Korea, amene anatuluka m'chaka cha 2019 ndipo m'chaka cha 2020 anakhala kanema woyamba wosakhala wa Chingelezi kupata mphotho ya Oscar ya kanema wopambana onse. Banja losauka la a Kim limakhala m'chipinda chokumbidwa theka pansi, chachinyontho. Mwaukathyali, onse anayi apeza ntchito panyumba ya banja lolemera la a Park, akunamizira kuti sadziwana. Zovala asintha, mayankhulidwe asintha, mapepala a sukulu apeka. Chimene alephera kubisa ndi chimodzi. Kamwana ka a Park kanunkhiza dalaivala, kanunkhiza mayi wantchito, n'kunena kuti akumveka mofanana. Tsiku lina bambo Kim, ali chibisalire pansi pa tebulo, amva bwana wawo akuuza mkazi wake za fungo la dalaivala wakeyo. Bambo Kim akoka malaya awo mwakachetechete n'kuwanunkhiza. Sakumvapo kanthu, poti munthu samva fungo la kwawo. Pamapeto pa nkhani, pakati pa chipwirikiti ndi magazi, bwana uja atseka mphuno, ndipo kachitidwe kakang'ono kameneko ndiko kamuphetsa.

Tsono tayerekezani kuti pansi pa mpando pali kapaipi ka Laube, ndipo pa nthawi imeneyo katulutsa fungo la nyumba ya a Kim. Likakhala loipa kwambiri, woonerera atseka mphuno, ndipo pomwepo wasanduka bambo Park. Chifundo chake chathawira kwa bwana. Likakhala lochepa, anena kuti bwanayo akungokokomeza, ndipo nkhani yapepuka. Bong anatisiya pamalo amodzi ndi bambo Kim: tikudziwa kuti fungo lilipo, tikuona momwe likuwachotsera ulemu, koma sitingathe kulimva. Ndipo aliyense amene anakhalapo m'kalasi limodzi ndi ana a opeza bwino, iye atachokera m'nyumba yofuka utsi, sopo atatha sabata yatha, amadziwa bwino chimene bambo Kim ankafunafuna m'malaya muja. Ndikudziwa kuti ena mwa inu owerenga mudakokapo kolala ya yunifolomu mwakabisira chotero.

Nanga Scent of Mystery anathera kuti? Anaonetsedwa ndi fungo m'mizinda itatu yokha, Chicago, New York ndi Los Angeles, ndipo ndalama zimene zinalowa sizinabwerere. Makina a Laube sanagwiritsidwenso ntchito pa kanema wina wamkulu. Eni ake anamudula kanemayo, anamuchotsa fungo, n'kumutulutsanso ndi dzina latsopano lakuti Holiday in Spain. Koma zithunzi zimene zinajambulidwa pofuna kupatsa mphuno nthawi zinatsalamo. Oonerera atsopanowo, osadziwa mbiri yake, ankangodabwa kuona buledi akutulutsidwa mu uvuni n'kuimikidwa patsogolo pawo kwa nthawi yaitali, popanda chochitika china chilichonse.